Mlingo Wogulira ndi Mlingo Wogulitsira

Mu Julaye 2002 atsogoleri a maiko a mu Africa adasonkhana mumzinda wa Durban kudzaika m'manda bungwe la OAU ndi kudzakhazikitsa la African Union. Pamsonkhanowo adavomerezanso chikalata cha mfundo zoyendetsera zisankho, chonena kuti gwero la ulamuliro wa boma lililonse ndi chisankho cha anthu. Mawu ake adali ozuna, ndipo m'manja mudaombedwa. Koma pa 4 Julaye, masiku asanu okha mwambo waukulu wa pa 9 Julaye usanachitike, Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi idapereweredwa mavoti atatu basi kuti ichotse malire a zaka zimene mtsogoleri wa dziko angalamulire. M'chigawo cha KwaZulu-Natal momwe muli Durban yemweyo namonso mudali mutabuka mkangano wa lamulo latsopano lolola phungu kunyamula mpando umene anthu adapatsa chipani china n'kukaupereka ku chipani china. Alendo ankalumbira kuti voti ndi yopatulika, eni mudzi ali kuseri kukambirana mtengo wake.

Mlimi wa ku Mchinji kapena ku Ntcheu amadziwa za wogula chimanga amene amayenda ndi ndowa ziwiri. Ina ndi yophwanyidwira kunja kuti ilowe zambiri, ndipo ndi yogulira. Ina ndi yotiwizidwa kunsi kuti ilowe zochepa, ndipo ndi yogulitsira. Zonse ziwiri amazitcha ndowa. Zipani za ndale za m'chigawo chino cha Africa zimachita chimodzimodzi ndi malamulo oyendetsera dziko. Lamulo likamapweteka mdani limatchedwa msanamira ya demokalase, ndipo lomwelo likatembenukira kwa eni ake limasanduka chopinga chitukuko. Mbiri ya Durban ndi chigawo chake, ikaikidwa pambali pa mbiri ya Seneti ndi Gawo 65 ku Malawi, ikuonetsa kuti khalidweli si ngozi ya chipani chimodzi ayi. Ndi mwambo wokhazikika, ndipo ophunzira amene amauchemerera ali ndi mlandu wawo pa iwo.

Ku South Africa munthu akamasankha aphungu a Nyumba ya Malamulo ya dziko kapena ya chigawo, m'zaka za mkangano umenewu, ankachonga chipani osati dzina la munthu. Chipani chinkalandira mipando molingana ndi mavoti ake, n'kuikapo anthu ochokera pamndandanda wake. N'chifukwa chake malamulo aakulu a 1996 adanena kuti phungu wochoka m'chipani chake wataya mpando. Chipani cha ANC chidaikira kumbuyo lamuloli, pamene zipani zina zing'onozing'ono zinkadandaula kuti likumanga chikumbumtima cha phungu. M'chaka cha 2000 chipani cha Democratic Party ndi cha New National Party zidapanga mgwirizano wa Democratic Alliance, ndipo DA idapempha kuti khomo litseguke kuti aphungu a mbali ziwirizo akhale pansi pa dzina limodzi. ANC sidaone chifukwa chofulumirira. Chakumapeto kwa 2001 Marthinus van Schalkwyk adatulutsa NNP mumgwirizanowo n'kukagwirana chanza ndi ANC. Pomwepo lamulo limene linkayenda ngati nkhono lidamera mapiko, ndipo pofika Juni 2002 lidali litadutsa. DA nayo idalivomereza, poganiza kuti idzakolola nawo.

Chipani cha UDM cha Bantu Holomisa chidapita kukhoti. Pa 4 Okutobala 2002 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti kusintha chipani pakokha sikutsutsana ndi malamulowo, koma kuti njira imene idatsatidwa pokhudza aphungu a dziko ndi a zigawo idali yolakwika. Makhansala adaloledwa kudumpha mwezi womwewo, ndipo mzinda wa Cape Town udachoka m'manja mwa DA popanda wovota ngakhale mmodzi kufunsidwa. Nyumba ya Malamulo idakonza cholakwikacho, ndipo mu Malichi 2003 khomo lidatsegukira aphungu. ANC, imene pa chisankho cha 1999 idapeza mipando 266 mwa 400, kupereweredwa umodzi kuti ikwanitse magawo awiri mwa atatu, idatuluka ndi mipando 275. Zimene ovota adakana kuipatsa idazitola m'masiku khumi ndi asanu. UDM, imene idadandaula kukhoti, idatsala ndi aphungu anayi mwa khumi ndi anayi.

Lamulolo lidali ndi msampha umene umaulula mtima wa olilemba. Kupatula ulendo woyamba, aphungu ofuna kuchoka ankayenera kukwana limodzi mwa magawo khumi a aphungu onse a chipani chawo. M'chipani cha aphungu asanu, munthu mmodzi ankatha kunyamuka yekha. M'chipani cha aphungu pafupifupi 280 pankafunika anthu pafupifupi makumi atatu ogwirizana mwachinsinsi, mosaululana, pa nthawi imodzi. Khola la mbuzi adalisiya lopanda chitseko, la ng'ombe adalimanga ndi mitengo ya muwanga.

Ku KwaZulu-Natal nkhaniyi idali yolemera kuposa kwina kulikonse. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1990, anthu zikwizikwi adaphedwa pa nkhondo ya pakati pa otsatira Inkatha ndi otsatira UDF ya kumeneko ndi ANC, m'madera monga KwaMashu, Umlazi, Inanda ndi Mpumalanga. Kumeneko kuvotera chipani kudali kuika khosi pachipika. Pa chisankho cha 1999 chipani cha IFP chidapeza mipando 34 mwa 80 ya nyumba ya chigawo, ANC idapeza 32. Lamulo lodumpha litabwera, nduna yaikulu ya chigawo Lionel Mtshali wa IFP adakalipa, adachotsa nduna ziwiri za ANC, ndipo adaopseza kuitanitsa chisankho nthawi isanakwane. Khomo la 2003 litatsekeka, ANC idali ndi mipando 35 ndipo IFP idali ndi 32. Chipani chimene chidali chachiwiri m'bokosi la mavoti chidasanduka choyamba m'nyumba ya malamulo. Mayi wa ku Umlazi amene adaika mwana wake m'manda chifukwa cha mtundu wa malaya a chipani sadafunsidwe kanthu pa malonda amenewo.

Pamene DA idaona kuti wokolola wamkulu ndi ANC, idayamba kulalikira kuti lamulolo ndi kuba mavoti, ngakhale kuti mu 2003 iyo yomwe idalandira aphungu ochokera kwina mosanyinyirika. ANC idagamula zolithetsa pa msonkhano wake wa ku Polokwane mu Disembala 2007, ndipo lidafafanizidwa kumayambiriro kwa 2009. Ena amati umenewo ndi umboni woti dziko limatha kudzikonza, ndipo pang'ono akunena zoona. Komabe nthawi yake ndi yofunika kuiona. Pofika apo NNP idali itamezedwa yonse, Van Schalkwyk ali nduna ya boma, ndipo ANC idali itachoka pa mipando 279 ya chisankho cha 2004 kufika pa 297. M'munda mudalibenso chokolola, ndipo mng'alu udali utayamba kuoneka m'nyumba ya mwini munda. Fisi akakhuta salephera kulalikira za kusala kudya.

Dziko lomwelo lili ndi phunziro lakale lokhudza Seneti. M'zaka za m'ma 1950 boma la National Party lidafuna kuchotsa anthu otchedwa Makaladi pa kaundula wa ovota onse, koma lidalibe magawo awiri mwa atatu a nyumba ziwiri zitakhala pamodzi, ndipo mu 1952 khoti lidalikaniza. Mu 1955 boma la J.G. Strijdom lidangokulitsa Seneti kuchoka pa mipando 48 kufika pa 89, n'kuidzaza ndi anthu ake, ndipo chaka chotsatira lidapeza chimene linkafuna. Ntchito itatha, Seneti idachepetsedwanso, kenaka idathetsedwa pofika 1981. Idabwerera mu 1994 ndipo mu 1997 idalowedwa m'malo ndi nyumba yoimira zigawo. Boma la tsankho ndi maboma osankhidwa ndi anthu onse sangafanizidwe pa chilungamo chawo. Koma luso lopinda nyumba ya malamulo kuti ikwane m'thumba la wolamulira silidafe pamodzi ndi tsankho.

Ku Malawi Seneti idaphedwa isanabadwe. Malamulo aakulu a 1994 adakonza nyumba yachiwiri ya anthu 80: mmodzi wochokera m'boma lililonse mwa maboma 24 a nthawiyo wosankhidwa ndi khonsolo, mfumu imodzi ya m'boma lililonse yosankhidwa ndi mafumu anzake, ndi anthu 32 oimira magulu monga amayi, olumala, alimi, a zamalonda, mabungwe a apantchito ndi a zipembedzo. Ntchito yake idali kuunikanso malamulo ochokera kwa aphungu ndi kuzenga mlandu wa mtsogoleri wa dziko akaimbidwa mlandu wophwanya malamulo. Mu 1995 aphungu adati nyumbayo idikire mpaka 1999. Chaka cha 1999 chitafika panalibe makhansala oti asankhe maseneta, chifukwa boma lidali lisanachititse chisankho cha makhonsolo. Chisankhocho chidachitika mu Novembala 2000, ndipo chifukwa chozengerezera chidatha. Mu Januwale 2001, patangopita miyezi iwiri, Nyumba ya Malamulo idafafaniza Seneti yonse.

Boma la Bakili Muluzi lidati dziko ndi losauka, silingathe kudyetsa nyumba ziwiri. Mfundoyo ikadamveka ikadachokera kwa anthu osamala thumba la dziko. Koma mu 1999 mipando ya aphungu idali itakwezedwa kuchoka pa 177 kufika pa 193, ndipo mu 2000 boma lomwelo lidagulira nduna zake magalimoto 39 a Mercedes-Benz, mpaka maiko othandiza Malawi adakwiya. Umphawi umakumbukiridwa pakafika nkhani ya amene angayang'anire wolamulira. Pakafika nkhani ya galimoto ya nduna, dziko limalemera mwadzidzidzi. Ndiponso chipani cha UDF chidalibe pachokha magawo awiri mwa atatu ofunika posintha malamulo aakulu. Mpeni umene udapha Seneti udagwiridwa ndi manja a mbali zonse za nyumba, chifukwa aphungu ambiri, a boma ndi otsutsa omwe, sadafune wina wowayang'ana m'mbale. Kuchokera nthawi imeneyo dziko lalamulidwa ndi UDF, DPP, PP ndi MCP, ndipo palibe chimene chidaibweza. Pa chisankho cha 2025 mipando ya aphungu idafika pa 229.

Pano pafunika chilungamo. Seneti si mankhwala a nthenda iliyonse. Mafumu amene amalandira mswahala ndi kukwezedwa udindo ndi mtsogoleri wa dziko akadatha kusanduka oimba m'manja a boma, ndipo mbiri ya Strijdom yaonetsa kuti nyumba yachiwiri imatha kudzazidwa ngati thumba la mtedza. Munthu woona mtima angathe kuikana pa zifukwa zimenezi. Mlandu wagona pakuti nyumba imene idaikidwa m'pangano la mtundu idachotsedwa ndi anthu omwewo amene idayenera kuwaunika, popanda kufunsa eni pangano. Aphungu ndiwonso amene mu 1995 adafafaniza Gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Khoswe adapatsidwa udindo wogamula ngati m'nyumba mukufunika mphaka.

Mwezi wa Julaye 2002 udavula onse. UDF idabadwa polimbana ndi utsogoleri wamuyaya wa Kamuzu Banda, ndipo patangopita zaka zisanu ndi zinayi chichitikire riferendamu ya 1993 idafuna kuti mtsogoleri wake aziimira mopanda malire. Amene adabweretsa bilu imeneyo m'nyumba adali Khwauli Msiska, phungu wa AFORD, chipani cha Chakufwa Chihana amene adamangidwa mu 1992 chifukwa chotsutsa ulamuliro wa munthu mmodzi. Chihana adaiikira kumbuyo, John Tembo wa MCP nayenso chimodzimodzi. Idapeza mavoti 125 pamene pankafunika 128. Dziko lidapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Gawo 65, lonena kuti phungu wochoka m'chipani chimene adasankhidwira n'kulowa china ataye mpando, ndilo laonetsa ndowa ziwirizi koposa. Mu 2001 UDF idalikulitsa kuti ligwire ngakhale phungu wolowa bungwe lililonse lokhala ndi zolinga za ndale, pofuna kukantha Brown Mpinganjira ndi gulu lake la NDA. Mu 2003 Bwalo Lalikulu lidakana kukulitsako. Mu Febuluwale 2005 Bingu wa Mutharika adachoka mu UDF imene idamuika pampando n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu makumimakumi adamutsatira. Apo UDF ndi MCP zidasanduka alonda a malamulo, pamene DPP idati gawolo likuphwanya ufulu wa munthu wolowa gulu limene akufuna. Mutharika adatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo mu Juni 2007 bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti gawolo ndi lovomerezeka. Otsutsa adati sakambirana ndondomeko ya chuma Sipikala Louis Chimango asanachotse odumphawo. Boma lidati za chuma ziyambe. Kwa miyezi ingapo zipatala, sukulu ndi alimi odikira feteleza wotsika mtengo adali pakati pa njovu ziwiri. Ndondomekoyo itadutsa mu Sepitembala 2007, Mutharika adatseka nyumba patangopita masiku ochepa, ndipo odumphawo adakhalabe pamipando yawo mpaka chisankho cha 2009.

Mu Epulo 2012 Mutharika adamwalira ndipo Joyce Banda adalowa m'malo. Maliro asanathe n'komwe, aphungu a DPP adayamba kukhamukira ku chipani cha PP. Tsopano DPP, imene kwa zaka zinayi idanyoza Gawo 65, idalembera Sipikala Henry Chimunthu Banda kuti aligwiritse ntchito, ndipo odumphawo adathamangira kukhoti kukatenga chiletso, monga momwe a DPP eni ake adachitira kale. Mu 2015 aphungu ambiri a UDF, chipani chimene mu 2007 chidagwira dziko pakhosi chifukwa cha gawo lomweli, adasamukira kumipando ya mbali ya boma la DPP. M'zaka khumi zokha mbali iliyonse idalankhulapo mawu a mdani wake, liwu ndi liwu, osachita manyazi. Akale adati anyani amasekana zikundu.

Andale achita zimene andale amachita. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi khamu la ophunzira limene limawanyamulira zikwama: odziwa malamulo, aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede, olemba m'nyuzipepala ndi olankhula pa wayilesi. Pa mkangano uliwonse mwa imeneyi padapezeka akatswiri okonzeka kufotokoza, ndi mawu akuluakulu, chifukwa chake lamulo silikukhudza mbali yawo. Amene dzulo adati mpando ndi wa ovota lero akuti ndi wa chikumbumtima cha phungu, ndipo chasintha ndi mtundu wa nsalu yokha imene ili pa nsanja. Akafunsidwa amayankha kuti nawonso a mbali inayo adachita zomwezo. Yankho limeneli ndi kuvomera mlandu. Wakuba mbuzi sapulumuka pabwalo la mfumu ponena kuti mwini mbuziyo adabapo nkhuku chaka chatha. Amangoonjezera mlandu wachiwiri woti bwalo liweruze.

Palinso ena amene amati andale onse ndi amodzi, choncho palibe chifukwa chodzivutitsira. Maganizo amenewa amaoneka anzeru koma ndi ulesi, ndipo amakomera wolamulira, pakuti munthu amene wataya chiyembekezo salondola kalikonse. Mbiri yomweyi ikuwatsutsa. Bilu ya 2002 idagwa chifukwa mipingo, mabungwe, ophunzira ndi aphungu ena adakana kugwedezeka. Oweruza a ku Malawi mu 2003 adakaniza UDF, mu 2007 adakaniza DPP, ndipo mu 2020 adafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019. Ku South Africa kunyansidwa kwa anthu wamba ndi malonda a mipando kudathandiza kuti lamulo lodumpha lithe. Anthu ogwiritsa ntchito mlingo umodzi alipo, ndipo pamene aima nji zinthu zimasintha.

Muyeso wake ndi wapafupi. Aliyense woikira kumbuyo lamulo, kapena wofuna kulipinda, adzifunse ngati angalivomere litakhala m'manja mwa munthu amene amamuopa kwambiri. DA ikadadzifunsa funso limeneli mu 2000 sikadapempha khomo limene lidadzatulutsa Cape Town m'manja mwake. DPP ikadadzifunsa mu 2007 sikadalira mu 2012. Chigawo cha KwaZulu-Natal chidaonetsanso mu 2024 kuti palibe mpando wamuyaya: chipani chatsopano cha MK cha Jacob Zuma chidapeza mipando 37 mwa 80, ANC idatsikira pa 14, ndipo IFP, ANC, DA ndi NFP, zina mwa izo zodana kuyambira kalekale, zidagwirizana kupanga boma la mipando 41 lotsogozedwa ndi Thami Ntuli wa IFP. Boma lotsamira pa mpando umodzi wokha lidatha kukhazikitsidwa mwa zina chifukwa khomo la 2003 lidali litatsekedwa. Likadakhala lotseguka, amene adalitsegula ndiwo akadayamba kugona maso ali kudenga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zoyenera kuchitika ku Malawi n'zodziwika. Phungu wosintha chipani abwerere kwa anthu amene adamutuma akapemphenso mpando, ndipo lamulo liike masiku owerengeka oti Sipikala ndi makhoti amalize nkhaniyo, kuti chiletso chisamakhale mthunzi wobisalamo zaka zisanu. Mphamvu ya anthu yochotsa phungu wawo ibwezedwe. Funso la Seneti liperekedwe kwa eni dziko pa riferendamu, aikane okha ngati saifuna. Palibe chipani cholamula chimene chidzachite zimenezi mwa kufuna kwake, chifukwa chilichonse chimayembekeza kukolola pa chisokonezo chomwechi. Zidzachitika pokhapokha ophunzira a ku Zomba, ku Mzuzu, ku Lusaka ndi ku Durban akadzaphunzira kudzudzula chipani cha kwawo ndi liwu lomwelo limene amadzudzulira cha kwa anzawo. Wophunzira amene cholembera chake chimathwa pokhapokha mdani wa chipani chake akalakwa alibe kusiyana ndi wogula chimanga uja, ndipo mlimi amene akumubera pa ndowayo ndi amake omubala.